Mukafeluka kosi imodzi, GPA imatsika ndi zingati?

Makolo ambiri muno mu Lusaka amatha kuwerenga zotsatira za Giredi 12 popanda wowathandiza. Amadziwa kuti pa satifiketi ya ECZ nambala yaing'ono ndiyo yabwino, kuti 1 ndi pamwamba ndipo 9 ndi kulephera, komanso kuti mapointi a mwana amawonkhetsedwa kuchokera pa maphunziro asanu kapena asanu ndi limodzi amene wachita bwino kwambiri. Phunziro limene lamukanika, bola lisakhale Chingerezi kapena masamu, limangokhala papepalapo osalowa m'chiwerengero. Ndiye mwana yemweyo akalowa koleji, tsiku lina n'kubwera kunyumba ali ndwii, kunena kuti wafeluka kosi, mayi ake amamutonthoza ndi nzeru ya Giredi 12 yomwe ija: "Si imodzi chabe, mwanawe? Zinazo wapasa."

Ku GPA, nambala imodzi yoonetsa avereji ya magiredi a wophunzira ku koleji, kulibe zosankha maphunziro okoma okha. Kosi iliyonse imene munalembetsa n'kukhala nayo mpaka kumapeto imalowa, ndipo yolephera imalowa moipa kuposa zonse, chifukwa siibweretsa pointi ngakhale imodzi koma pogawa imawerengedwa.

Kawerengedwe kameneka kanafala kuchokera ku mayunivesite a ku America, ndipo sikelo yodziwika kwambiri ndi yofika pa 4. Giredi ya A ili ndi mapointi 4, B ili ndi 3, C ili ndi 2, D ili ndi 1, ndipo F, yomwe ndi kulephera, ili ndi 0. Masukulu ambiri amaika timasitepe pakati, monga 3.7 pa A yotsikirapo ndi 3.3 pa B+. Kwina, monga ku Nigeria, sikelo imafika pa 5. Kuwonjezera pa giredi, kosi iliyonse ili ndi kulemera kwake, kumene kumayezedwa ndi makirediti. Ku America kirediti imodzi imaimira pafupifupi ola limodzi la m'kalasi pa sabata kwa semesita yonse, kosi wamba imakhala ya makirediti 3, ndipo digiri yoyamba imafuna makirediti pafupifupi 120. Kuno kum'mwera kwa Africa kirediti imodzi kawirikawiri imaimira maola 10 a kuphunzira, choncho manambala amaoneka aakulu, koma masamu ake sasintha. Mumachulukitsa mapointi a giredi ndi makirediti a kosiyo, n'kuwonkhetsa zonse, kenako n'kugawa ndi makirediti onse amene munatenga.

Tiyeni titenge mtsikana wa chaka choyamba amene ali ndi makosi asanu, iliyonse ya makirediti 3. Wapeza A imodzi, ma B atatu ndi C imodzi. A ikumupatsa 12, ma B atatu akumupatsa 27, C ikumupatsa 6. Zonse pamodzi ndi 45, kugawa ndi makirediti 15, GPA ndi 3.0. Tsopano C ija isanduke F. Mapointi atsika kufika pa 39, koma chogawira chidakali 15. GPA yafika pa 2.6.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amadzinamiza akamawerengera pa foni m'chipinda cha boarding house ku Kalingalinga kapena ku Kalundu, usiku wa tsiku limene zotsatira zatuluka. Amachotsa kosi yolepherayo ngati kuti sanailembetse, n'kugawa 39 ndi 12, n'kupeza 3.25. Amagona mtima uli m'malo, poganiza kuti GPA yakwera. Ofesi ya zolembera ophunzira imagawa ndi 15, ndipo pakati pa 3.25 ndi 2.6 pali mtunda wautali.

Kulemera kwa kosi kumasintha zinthu kwambiri. Mtsikana yemweyo akanafeluka kosi ya makirediti 4, mapointi 39 aja akanagawidwa ndi 16 n'kupereka 2.44. Akanafeluka ka kosi ka kirediti imodzi, kamene kamakhala ka mu labu kapena ka luso la kalembedwe, akanagawa ndi 13 n'kutsala pa 3.0. Ndiye mukaona kuti masiku a mayeso afupika ndipo simungathe kuwerenga zonse mofanana, yang'anani kaye kuti kosi yolemera ndi iti. Ophunzira amakonda kuthamangira kosi imene amaikonda, kapena imene lekichala wake ndi woseketsa, n'kusiya yolemera ija kuti adzaiwerenga mawa.

Chinanso chimene anthu sachiganizira ndi nthawi imene kulepherako kwachitika. GPA ilipo ya semesita imodzi, ilipo ya masemesita onse pamodzi imene ena amaitcha CGPA, ndipo yachiwiriyi ndiyo imatsatira munthu. Wophunzira amene wasonkhanitsa makirediti 12 okha pa 3.0 ali ndi mapointi 36. Akawonjezerapo F ya makirediti 3, akugawa 36 ndi 15, wagwera pa 2.4. Mnzake wa chaka chomaliza, amene ali ndi makirediti 90 pa 3.0 yomweyo, ali ndi mapointi 270. F yomweyo ikumufikitsa pa 270 kugawa ndi 93, yomwe ndi 2.9. Supuni ya mchere imene ingawononge kapoto ka ndiwo za anthu awiri siimveka n'komwe mu m'phika wa pamaliro. Koma zili ndi mbali ziwiri. Wa chaka choyamba wagwa kwambiri, komabe ali ndi masemesita ambiri oti akonze. Wa chaka chomaliza watsika pang'ono chabe, koma ngati pang'onopo pamudutsitsa pansi pa mzere wa 3.0 umene amaufuna, makosi oti abwezere atsala ochepa.

Amene amapweteka kwambiri pa nambala ndi wophunzira wanzeru. Wa 3.8 pa makirediti 30 akafeluka kosi imodzi ya makirediti 3 amatsikira pa 3.45. Wa 2.2 pa makirediti omwewo amatsikira pa 2.0. Woyambayo wataya zambiri, koma wachiwiriyo ndiye ali m'mphepete mwa phompho, poti m'mayunivesite ambiri oyendera sikelo ya 4, kutsika pansi pa 2.0 kumaika munthu pa probation. Amenewo ndi machenjezo omaliza. Semesita yotsatira ikapanda kusintha, amamuimitsa kapena kumuchotsa.

Nanga kubwezera kumatenga chiyani? Pali njira yachidule yowerengera. Onani GPA imene mukufuna kukhalapo, n'kuona kuti giredi iliyonse ili pamwamba kapena pansi pake ndi zingati. Ngati mukufuna 3.0, F ili pansi ndi 3, pomwe A ili pamwamba ndi 1. Ndiye kuti F imodzi ikufuna ma A atatu a makosi olemera mofanana kuti ifafanizike. B sikuthandizani, imangokusungani pamene muli. Ngati mukufuna 3.5, A ili pamwamba ndi theka chabe, choncho F imodzi ikufuna ma A asanu ndi awiri. Ngati cholinga ndi kungokhala pa 2.0, A imodzi kapena ma B awiri akwana. Ine ndimaona kuti masamu amenewa ndi othandiza kuposa mawu olimbikitsa, chifukwa amauza munthu msanga ngati chimene akuthamangira n'chotheka m'masemesita amene atsala, kapena ngati ndi bwino asinthe cholinga.

Zonsezi ndi za wophunzira amene F yake ikhalabe m'chiwerengero. Koma kosi yofunika pa pulogalamu yanu simungaisiye, muyenera kuibwereza, ndipo pamenepa malamulo a sukulu amasiyana kwambiri moti anthu awiri ofeluka mofanana angathe kumaliza ndi ma GPA osiyana. Titenge mnyamata amene ali ndi makirediti 30, mwa amenewo 27 ali pa 3.0 ndipo atatu ndi a F. Mapointi ake ndi 81, GPA ndi 2.7. Wabwereza kosi ija, wapeza B. Sukulu imene imachotsa giredi yakale n'kuikapo yatsopano idzagawa 90 ndi 30, ndipo mnyamatayo wabwerera pa 3.0. Sukulu imene imawerengera maulendo onse awiri idzagawa 90 ndi 33, n'kumupatsa 2.73. Wavutika semesita yonse, walipira kachiwiri, GPA yasuntha ndi 0.03. Ndiye pali sukulu zimene zimati wobwereza, kapena wolemba mayeso achibwereza amene ophunzira amati sapu, sangapatsidwe kuposa giredi yongopasira. Kumeneko ngakhale atalemba ngati lekichala weniweni, amulembera C, mapointi akhala 87, GPA 2.9. Ku Britain lamulo limeneli ndi lofala: wobwereza mayeso a digiri yoyamba nthawi zambiri amaikidwa pa 40, imene ndi malikisi opasira. Lamulo loika malire limeneli limawawa, koma chifukwa chake chimamveka. Popanda ilo, munthu akhoza kufeluka dala kuti adzalembe bwino ulendo wachiwiri ataona kale mafunso a mtundu wake.

Ngakhale kumene amachotsa giredi yakale m'chiwerengero, pa transcript, pepala losonyeza makosi ndi magiredi onse a wophunzira, imatsalabe. Woiwerenga adzaona kuti kosi inatengedwa kawiri. Masukulu ambiri amaikanso malire a makosi amene angachotsedwe chotere, ndipo ena amafuna kuti mupemphe polemba fomu, sizingochitika zokha.

Tsopano tibwere kunyumba, chifukwa wina anganene kuti zonsezi ndi za ku America. Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ili ndi magiredi kuyambira A+ kutsika mpaka D, ndipo wopasa amathera pa C. D+ ndi D ndi kulephera. Apa pali msampha kwa amene amawerengera GPA yake pa mawebusaiti a ku America: kumeneko D ili ndi pointi imodzi ndipo nthawi zambiri imatengedwa ngati kupasa mokwawa, pomwe D ya ku UNZA ndi kosi yoti mubwereze. Digiri ya ku UNZA imatuluka ndi Distinction, Merit, Credit kapena Pass, osati ndi nambala ngati 3.2, ngakhale kuti pansi pa mayina amenewo palinso mapointi owonkhetsedwa kuchokera ku magiredi. Mayunivesite ndi makoleji ena a mu mzinda uno, aboma ndi a anthu wamba, aliyense ali ndi buku lake la malamulo, ena amasindikiza GPA pa transcript, ena ayi. Chimene mnzanu wa pa Evelyn Hone kapena pa UNILUS wakuuzani chingakhale choona kwa iye koma chabodza kwa inu. Masukulu ena poika kalasi ya digiri amayang'ana zaka zomaliza zokha kapena kuzipatsa kulemera kwakukulu, ndiye kulephera kwa chaka choyamba sikufika pa satifiketi. Ena amawerengera kuyambira semesita yoyamba.

Izi sizikutanthauza kuti chaka choyamba ndi chamasewera. Kwa zaka zambiri ku UNZA, olowera ku Natural Sciences akhala akupikisana ndi mapointi a chaka choyamba kuti apeze malo ku udokotala, ku uinjiniya, ku migodi ndi kwina, ndipo malo amakhala ochepa kuposa owafuna. Pa mpikisano wotere kosi imodzi ya masamu kapena ya kemisitiri ikagwa, munthu amene ankalota Ridgeway, kumene kuli sukulu ya udokotala, amapezeka ali pa pulogalamu imene sanaiganizirepo. Kutsika kwa nambala kungakhale kochepa, koma khomo limene latsekeka ndi lalikulu.

Kunena zoona, nthawi zambiri GPA si chinthu choyamba chimene kulephera kumawononga. Makosi amamangirirana. Simungalembetse gawo lachiwiri la akaunti kapena la fizikisi musanapase gawo loyamba, ndipo ngati kosiyo imaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, kulephera kwa mu Juni kungakudikiritseni miyezi khumi ndi iwiri. Ofeluka kosi imodzi kapena ziwiri nthawi zambiri amaloledwa kupitirira atanyamula yolepherayo, zimene pa zotsatira zimalembedwa kuti proceed and repeat. Apo ndiye kuti chaka chotsatira muli ndi katundu wochuluka kuposa anzanu, mwina ndi matebulo a nthawi owombana, kalasi ya chaka chachiwiri ndi ya chaka choyamba zonse pa 10 koloko Lachiwiri. F yachiwiri imabadwira pamenepo kawirikawiri. Ofeluka zambiri amabwezedwa kuti achite zolepherazo zokha, ndipo ena amachotsedwa pa pulogalamu.

Ndiye pali ndalama. Chaka chowonjezera ndi fizi ina, lendi ina ya boarding house, mabasi ena a tsiku ndi tsiku pa Great East Road. Amene ali pa ngongole ya boma, imene ophunzira ambiri amaitchabe BC ngakhale kuti kuyambira ndi lamulo la 2016 imayendetsedwa ndi HELSB, bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira, ayenera kukumbukira kuti ndi ngongole, idzabwezedwa akayamba ntchito, ndipo pangano limene anasaina lili ndi mawu okhudza kupita patsogolo pa maphunziro. Pepala limenelo liwerengeni musanafeluke, osati mutafeluka. Amene amalipiridwa ndi kampani, mpingo kapena amalume a ku Copperbelt nawonso ali ndi wina woti amufotokozere. Masikolashipu ambiri amaika GPA yoti munthu asatsike pansi pake, ndipo ku America thandizo la boma la ophunzira limafuna kuti munthu akhale pa 2.0 kapena kuposa, komanso kuti azipasa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makirediti amene walembetsa. Wa ku Zambia amene ali kumeneko pa visa ya F-1 alinso ndi lamulo lina, loti pa digiri yoyamba azikhala ndi makirediti osachepera 12 pa semesita, choncho sangangosiya kosi osayamba walankhula ndi ofesi ya ophunzira akunja.

Kusiya kosi ndi nkhani yofunika kuimvetsa, chifukwa si kusapasa kulikonse kumene kuli F. Masukulu oyendera GPA amakhala ndi tsiku lomaliza lochokera mu kosi mwalamulo. Mukachoka tsikulo lisanafike, pa transcript pamalembedwa W, ndipo W siilowa m'chiwerengero. Mtsikana wathu uja akanachoka nthawi yake, 3.25 imene ankadzinamiza nayo ikanakhala yoona. Fizi ya kosiyo mwina siibwerera, ndipo ma W ambiri amadabwitsa owerenga transcript, koma W imodzi ndi yopepuka kuposa F. Choipa ndi kungosiya kupita m'kalasi osauza ofesi. Dzina limakhalabe pa mndandanda, ndipo kumapeto amalemba kulephera. Chimodzimodzi amene wadwala kapena waferedwa pa nthawi ya mayeso. Masukulu ambiri ali ndi mayeso a deferred, odzalemba nthawi ina, amene amawerengedwa ngati ulendo woyamba popanda malire a giredi, koma amafuna kalata ya kuchipatala kapena umboni wa maliro, ndipo amaifuna msanga. Kwathu kuno maliro amatenga masiku, munthu amapita ku Chipata kapena ku Petauke n'kubwerako patatha sabata, ndipo m'chisonimo za kalata sizibwera m'mutu. Mnzake wa m'kalasi kapena m'bale amene angathamangire ku ofesi ya dean m'malo mwake amakhala wapulumutsa semesita yathunthu. Palinso giredi ya I, ya ntchito yosamalizidwa, imene imadikira kwa kanthawi, koma nthawiyo ikatha ntchito isanaperekedwe, m'masukulu ambiri imasanduka F yokha.

Onetsetsaninso kuti kulepherako n'koona. Zimachitika kuti malikisi a CA, a mayeso a pakati ndi ma assignment, sanalowetsedwe, kapena nambala ya wophunzira inalembedwa molakwika pa pepala. Sungani mapepala onse amene lekichala wakubwezerani mpaka zotsatira zitatuluka. Nthawi yodandaula imakhala yaifupi. CA yomweyo ndiyo imakuuzani msanga kumene mukulowera: ngati imatenga 40 pa 100 ndipo inu mwapeza 12, kuti mufike pa 50 mukufunika 38 mwa 60 pa mayeso omaliza. Zimenezo mungazidziwe sabata zingapo mayeso asanafike, nthawi yopita kwa lekichala kukanena kuti "Bwana, apa sindikumva" ikadalipo.

Ena akafeluka amaganiza zosamukira ku sukulu ina kuti akayambe ndi pepala loyera. Mbali ina n'zoona, chifukwa sukulu yatsopano nthawi zambiri imalandira makirediti a makosi amene munapasa, osatenga magiredi, ndipo GPA imayambira pa ziro. Koma mukadzafuna masters, amakufunsani ma transcript a kulikonse kumene munaphunzira. Mayunivesite a ku America ndi ku Canada amakonda kutumiza anthu ku mabungwe ngati WES, amene amatenga transcript ya kuno n'kuisandutsa GPA ya sikelo ya 4 mwa malamulo awo, osati a sukulu yanu. Mapulogalamu ambiri a masters kumeneko amafuna 3.0. Ku Britain amayang'ana kalasi ya digiri, ndipo sikolashipu ya Chevening imayembekezera digiri yofanana ndi 2:1 yawo, kalasi yachiwiri kuchokera pamwamba, imene kwawoko imayambira pa 60. Komabe amene amasankha ophunzira sawerenga nambala yokha. F ya chaka choyamba yotsatiridwa ndi zaka zitatu za ma B+ ndi ma A amaimvetsa, ndipo mafomu ambiri ali ndi malo ofotokozera chimene chinachitika. F ya chaka chomaliza mu kosi yeniyeni ya zimene mukufuna kukaphunzira ndiyo imavuta kuifotokoza.

Pa ntchito za muno mu Lusaka, olemba anthu ambiri amafuna satifiketi ya Giredi 12, digiri kapena dipuloma yotsimikizidwa ndi ZAQA, bungwe la boma loona za mapepala a maphunziro, ndi chiphaso cha bungwe la ntchitoyo, kaya ndi la aphunzitsi, la anamwino kapena la mainjiniya. Transcript amaifunsa makamaka pa ntchito yoyamba, ku mabanki, ku makampani owerengera ndalama ndi ku mapulogalamu a graduate trainee, kumene ofunsira amakhala mazanamazana ndipo kalasi ya digiri ndiyo sefa yoyamba. Munthu akagwira ntchito zaka zingapo, amene amafunsa za kosi ya chaka chachiwiri amakhala ochepa. Chimene chimaluma nthawi yomweyo ndi kuchedwa. Wofeluka kosi imodzi m'semesita yomaliza GPA yake ingatsike ndi 0.1 chabe, koma dzina lake silikhala pa mndandanda wa omaliza maphunziro chaka chimenecho, chiphaso cha ntchito sangalembetse, ndipo boma likalengeza zolemba aphunzitsi kapena ogwira ntchito zachipatala, iye amakhala akudikira kuti kosi ija idzaphunzitsidwenso.